Ndiwo zophikiratu zikumasasa pofika Lachiwiri? Tione pamene pakulakwika

Dandaulo lake limakhala lomwelomwelo, kaya akulankhula ndi aphunzitsi a ku Khombedza, kaya anamwino a shifiti ya usiku, kaya amayi a geni amene amalawirira 4 koloko kukapikula usipa ku Senga Bay. Lamulungu munthu waphika sefuliya yonse ya nyemba, wawiritsa mazira, wakazinga nsomba, akuti sabata ino ndisavutike ndizingovundula nsima basi. Lolemba zonse zili bwino. Lachiwiri madzulo kuvundukula sefuliya ija, nyemba zachita kathovu pamwamba, kafungo kosasa kaja kayamba, nsomba nayo ikuterera. Makala apita, mafuta apita, ndalama ya nyemba yapita, ndipo Lachitatu munthu wabwerera ku tchipisi cha pachiwaya kapena tiyi ndi mandasi.

Nzeru yoti phikani za masiku 7 tsiku limodzi muthire m'makontena inachokera kwa anthu okhala kozizira amene furiji yawo siithima. Kuno kunyanja, kuyambira Chipoka, Salima, Benga, Nkhotakota mpaka Dwangwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 30 ndipo olo usiku mphepo yake imakhala yofunda. Ndiwo zomanga thupi zikakhala zonyowa ndi zimene zimayamba kuwonongeka. Nde chimene chimagwira kuno ndi kukonzeratu osati kuphikiratu zonse: zouma zikhale zouma mpaka tsiku lake, zonyowa zikhale za masiku awiri atatu, ndipo sabatayo muidule pakati, kuphika kwakukulu Lamulungu, kwina kochepa Lachitatu madzulo.

Komanso ambiri timaphika zochuluka kuposa zimene thupi likufuna. Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a mapuloteni pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wa makilo 60 akufunika magalamu 50 kapena kuchepera pang'ono. Dzira limodzi lili ndi 6. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Mtedza wouma magalamu 100 uli ndi 25, soya wouma amadutsa 35, ndipo usipa wouma bwino kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni okhaokha. Ufa wa chimanga umathandizako, uli ndi 8 kapena 9 pa magalamu 100, koma ufa wa kondowole uli ndi 1 kapena 2 basi, nde abale a ku Nkhotakota amene kondowole ndiye nsima yanu, katundu yense ali pa ndiwo. Dzira m'mawa, kapu ya nyemba masana, usipa wodzaza dzanja madzulo, nsima pamwamba pake, mwafika. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi anthu a ntchito yolemetsa awonjezereko.

Nyemba kapena nyama zasasa chonsecho zinali mu furiji

Anthu amathamangira kunena kuti furiji yatha gasi. Mwina, koma kawirikawiri chakudyacho chimakhala chitayamba kale kuwonongeka chisanalowe n'komwe mu furijimo. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo pakafunda bwino tina timachuluka kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Taganizani sefuliya yaikulu yomwe mwaiphula 2 koloko masana, mwaivundikira bwinobwino, mwaisiya pakona m'khitchini ya malata kuti izizire kaye inu mwapita kokachapa kapena ku kwaya. Mukabwera 7 koloko usiku kukhudza kunja kwazizira, koma tapisani supuni pakati penipeni, mukadali mofunda, ndipo mwakhala mofunda choncho maola onse aja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kudutsa madigiri 32 mmene kumachitira kuno m'chilimwe, malangizo ena amati ola limodzi lokha.

Mukangophula gawani pompo. Thirani m'makontena ang'onoang'ono, chakudya chisazame kupitirira masentimita 5 kuti chizizire msanga. Ngati makontena mulibe, khazikani sefuliyayo mu beseni la madzi ozizira, muzitakasa ndi chipande choyera, madzi akafunda tayani muthire ena. Pamwamba phimbani ndi lichero kapena kansalu koyera chifukwa cha ntchentche, chivundikiro chenicheni chidikire nthunzi ithe. Nthunzi ikangosiya lowetsani mu furiji, musadikire kuti zizizire ngati madzi a mumtsuko, furiji siiwonongeka ndi kontena yofundirako pang'ono.

Chachiwiri ndi kutulutsa sefuliya yonse nthawi iliyonse yakudya. Yatuluka, yafunda, anthu apakula, mwana wadutsa wanyambita supuni n'kubwezeramo, yakhala patebulo mpaka mbale zitsukidwe, yabwerera mu furiji, mawa chimodzimodzi. Ulendo uliwonse woterewu tizilombo timapeza mpata. Tapani zokwanira nthawi imeneyo zokha, mufunditse mpaka zibwadamuke osati kungofunda pamwamba, ndipo zotsala m'mbale zisabwerere ku zinzake. Ine ndimakonda kuti nyemba zosunga zikhale zongowiritsa ndi mchere basi, tomato ndi anyezi muzikazinga tsiku lodya, ndi mphindi 10 zokha, zimakoma ngati zaphikidwa tsiku lomwelo komanso zimakukakamizani kuti ziwire zenizeni.

Furiji yozizira bwino, pansi pa madigiri 5, imasunga ndiwo zophika masiku 3 kapena 4. Za Lamulungu malire ake ndi Lachitatu, mukakakamiza Lachinayi. Zimene mukufuna kudya Lachisanu zilowe mu firiza Lamulungu lomwelo, osati Lachitatu mutamva kafungo nde muziti ndiziumitse zisapitirire, firiza siibweza chinthu chimene chayamba kale.

Ndipo mphuno musaidalire kwambiri. Ndiwo zosasa bola zimakuchenjezani. Kuli kachilombo kotchedwa Clostridium perfringens kamene kamakonda miphika ikuluikulu ya nyama ndi nyemba yozizira pang'onopang'ono, sikasintha fungo kapena kakomedwe, mumangoona m'mimba mwayamba kupota usiku kapena mawa lake. Tina monga Staphylococcus, tochokera m'manja ndi m'mphuno mwa wophika, timasiya poizoni amene olo muwiritsenso saphwa mphamvu. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS ndi madzi ambiri, koma ngati ndi mwana wamng'ono, kapena mukuoneka magazi, kapena akungotuluka madzi okhaokha osaleka, thamangani naye kuchipatala, kolera ya 2022 ndi 2023 ija maboma athu akunyanjawa sinawasiye.

Furiji ndilibe

Nde njira yathu yakale ija yofunditsa m'mawa ndi madzulo. Imathandiza ngati ndiwozo zawira zenizeni mpaka pakati, mwavundikira zikadali zamoto, ndipo palibe wapisamo supuni mpaka nthawi yofunditsanso. Koma imakupatsani tsiku limodzi, siyosungira ndiwo sabata ayi, ndipo imangochepetsa ngozi siichotsa chifukwa cha poizoni ndanena uja. Mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo kapena wodwala, amenewa aphikireni zatsopano.

Wopanda furiji sabata yake yonse ikhale pa zouma. Usipa wouma, mtedza wokazinga, nsinjiro, chiponde, ufa wa soya, soya pieces, mazira osaphika, nsomba yowamba, izi sizifuna magetsi. Ntchito ya Lamulungu isakhale kuphika koma kuchotsa zonse zimene zimakuchedwetsani mkati mwa sabata: sankhani nyemba muchotse miyala ndi zofumbwa, yezani za tsiku lililonse mumange padera, kazingani mtedza, sinjani nsinjiro, sankhani usipa. Mkati mwa sabata mungoviika kapaketi kamodzi usiku, m'mawa muphike kamphika kakang'ono kothera tsiku lomwelo. Khobwe amapsa msanga kuposa nyemba, nde masiku othina kwambiri asiyireni iyeyo. Palinso kuphwanyiratu: kazingani nyemba kapena nandolo pang'ono chabe kuti khungu litekeseke, konolani mopepuka mumtondo, petani makoko achoke, zimene zatsalazo sungani m'chidebe chouma. Zophwanya choncho zimapsa mofulumira kwambiri ndipo chipere chake simuvutikanso kusenda imodziimodzi.

Ena amaika kamtsuko mkati mwa mtsuko waukulu, pakati n'kuthira mchenga wonyowa. Pa tomato, mpiru ndi therere ndi zabwino ndithu. Koma kuzizira kwake sikufika madigiri 5, komanso kumadalira mpweya wouma, nde m'dzinja kunyanja kuno kukachita chinyontho sikuchita zambiri. Musaikemo nsomba yophika n'kumati ili mu furiji. Bola kupempha malo mu firiza ya aneba kapena pa golosale yodziwana nayo, mulembe dzina pa kontena, koma kumbukirani kuti firiza ya pa golosale imatsegulidwa tsiku lonse, nde zanu zikhale pansi penipeni.

Magetsi athima

Choyamba, siyani kutsegulatsegula kuti muone ngati mukadali mozizira. Furiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Firiza yodzaza imafika maola 48, yatheka maola 24. Nde malo opanda kanthu mu firiza dzazani mabotolo a madzi aume, magetsi akapita awiri atatu muwasamutsire mu furiji pafupi ndi ndiwo.

Vuto lina ndi loti mumachoka m'mawa, magetsi athima 8 koloko abwera 5 koloko, inu mukufika 6 koloko mupeza zonse zikulira bwinobwino osadziwa kuti zinasungunuka. Umitsani madzi m'kapu, pamwamba pa ayisiyo muike kandalama kachitsulo, kapuyo izikhala mu firiza. Tsiku limene mupeze kandalamako kali pansi pa kapu dziwani kuti zinasungunuka zonse n'kuumanso, ndipo nyama ndi nsomba za m'menemo ndi zokayikitsa. Ngati zasungunukako koma mukadali timiyala ta ayisi mkati, zikhoza kuumanso. Posungunula, tsitsani kontena mu furiji usiku kapena ikhuthulireni m'poto zili chiumire, moto uchite ntchito. Kuika nkhuku youma padzuwa pa khonde m'mawa kuti mudzaipeze madzulo, kunja kwake kumakhala kutafunda kalekale mkati mukadali ayisi.

Nyemba sizikupsa, makala akungotha

Nyemba zikakhalitsa pamalo otentha ndi achinyontho zimalimba mkati ndipo zimakana kupsa olo muziphike maola angati, nde nyengo ya kuno siziyanja. Musagule thumba la chaka chonse n'kuliika m'chipinda cha malata, ndipo pamsika funsani ngati ndi za chaka chino. Tomato akalowa msanga amazilimbitsanso chifukwa cha kuwawasa kwake, adikire nyemba zifewe kaye. Madzi a m'mijigo ina, aja sopo amakana kuchita thovu, nawonso amachedwetsa.

Viikani maola 8 mpaka 12. Kupitirira pamenepo ndi kutentha kwathuku madziwo amayamba thovu ndi kununkha, nde zoviika usiku ziphikidwe m'mawa, ngati zalephereka tsanulani muike mu furiji. Zoti mchere umalimbitsa nyemba zija si zoona, kamchere m'madzi oviikira kamathandiza khungu kufewa. Soda kapena chidulo zimafewetsa shuwa, koma mukachulutsa zimawononga vitamini B1 ndipo nyemba zimamveka sopo, kansonga ka supuni yaing'ono kakwana sefuliya yonse.

Opulumutsa makala pogwiritsa dengu, njirayo ndi yabwino: nyemba zoviika zibwadamuke kwambiri mphindi 15 kapena 20, phulani osavundukula, kulungani sefuliya ndi bulangete lakale muike m'dengu, pakatha maola 3 kapena 4 zapsa. Kubwadamuka koyambako musakudule, nyemba makamaka zofiira zili ndi poizoni wachilengedwe amene amafa pokhapokha zitawira mwamphamvu mphindi zosachepera 10. Ndipo dengu si losungiramo tsiku lonse, pomasula sefuliya izikhala ikuotchabe dzanja, ikakhala yangofunda ibwezeni pamoto.

Za mimba kudzaza mpweya, tayani madzi oviikira muphike ndi ena, zipse mpaka kufinyika ndi zala, ndipo ngati simunazolowere nyemba za tsiku ndi tsiku yambani ndi theka la kapu. Pakapita masabata angapo ambiri mimba imazolowera.

Usipa wachita chuku, wina wadyedwa ndi tizilombo

Apa ndi pamene anthu a kunyanja tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe amaulipira modula, koma timauseweretsa posunga. Usipa supezeka mofanana. Asodzi amaupha usiku ndi nyali, nde mwezi ukawala kwambiri umachepa ndipo mtengo umakwera. Mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi mabwato sapita. Kuyambira Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji, dera la a Senior Chief Makanjira, amatseka kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene unayamba m'ma 1950. Nde kugula wambiri nthawi ya mdima utatchipa ndi nzeru, bola muusunge bwino.

Pogula tengani umodzi muuthyole. Wouma bwino umathyoka, wosauma umangopindika, ndipo wopindikawo mukaumanga mu jumbo n'kuuika m'kabati pakatha masiku ochepa mupeza wayera chuku ndipo ukununkha mkodzo. Wofutsa ndi wokazinga kale uja ndi wokoma koma umakhala ndi chinyezi kapena mafuta ambiri, sukhalitsa ngati wouma padzuwa, umenewo ndi wa masiku oyambirira. Mukafika nawo kunyumba yanikaninso pa lichero tsiku limodzi mutaphimba ndi kaneti, kapena uyendetseni pa chiwaya chopanda mafuta pamoto wochepa mpaka uume gwa, uzizire, nde mutsekere m'botolo louma. Kutentha kumeneko kumaphanso mazira a tizilombo tija timasandutsa usipa fumbi. Musautsuke musanasunge. Mchenga muchotse tsiku lophika, madzi ofunda kawiri mwachangu basi. Ndipo chonde abale, mankhwala othira m'chimanga aja asayandikire nsomba, chimanga chimakhala miyezi n'kukonoledwa, usipa mudya mawa ndi khungu lomwe.

Chinthu chimene chimapulumutsa sabata yothina kuposa zonse kwa ine ndi ufa wa usipa. Kazingani wouma uja mpaka uzithetheka, sinjani ndi mitu yomwe ndi minga yomwe chifukwa mu mingamo ndi mmene muli kashiamu, sefani, thirani m'botolo. Masupuni awiri mu nkhwani, mu chigwada, mu phala la mwana, ngakhale mu tomato ndi anyezi wokazinga pamene mulibe china chilichonse, ndiwo zapezeka m'mphindi 5. Koma usipa uli ndi mafuta, ufa wake ukakhalitsa umayamba kuwawa ndi kununkha chiwaya chakale, nde sinjani wa sabata imodzi kapena awiri, botolo likhale pamdima.

Nsomba yaiwisi ndi nkhani ina. Chambo kapena kampango amene mwagula pa Chia n'kumumangirira pa galasi la galimoto mpaka Salima wayenda kale ulendo wake padzuwa, ameneyo tumbulani mukangofika, tsukani, aphikidwe tsiku lomwelo. Ya msuzi idyedwe m'masiku awiri olo muli ndi furiji. Ngati mukufuna ikhalitse iwambeni mpaka iume, ndipo yowamba yogula iswani pang'ono pafupi ndi mutu muone mkati, nthawi ya mvula mphutsi zimabisala mmenemo kunja kukuoneka bwino. Pa zonyowa zonse za Lamulungu nsomba ndiyo iyambe kudyedwa, nkhuku kapena nyama itsatire, nyemba zitsirize.

Mazira owiritsa akununkha

Ambiri amaganiza kuti dzira lowiritsa limakhalitsa kuposa laliwisi. Panja pa furiji zili mosiyana. Chigoba cha dzira chili ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo take, nde mukawiritsa kapena kutsuka kamachoka. Owiritsa osasenda amakhala masiku 7 koma mu furiji mokha. Opanda furiji sungani aawisi osatsuka pamalo ozizirirako, muziwiritsa m'mawa pamoto womwe wa tiyi, mphindi 10 zakwana. Losweka powiritsa lidyedwe tsiku lomwelo. Mukakayika laliwisi liikeni m'kapu ya madzi, likayandama ndi lakale lisiyeni. Kamzere kobiriwira kozungulira chikasu cha dzira kaja sikuola ayi, mwangowiritsa mopitirira. Ovuta kusenda amakhala atsopano kwambiri, aponyeni m'madzi ozizira mukangophula.

Nsinjiro zikuwawa

Pali ziwiri. Mwina zakhalitsa, mafuta a mtedza wosinja amawonongeka msanga pakatentha, nde sinjani za sabata imodzi. Kapena mtedzawo unali ndi chuku, ndipo ichi ndiye choopsa chifukwa chuku cha mtedza chimapanga poizoni wa aflatoxin amene kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa, amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Sankhani ndi maso musanasinje, wofota, wakuda, wobooka, wosintha mtundu, tayani, osati kuupatula kuti uwu ndi wa nsinjiro poti sudzaoneka. Mchitidwe wowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa uja ndi umene umaitana chuku. Nsinjiro za m'timapepala ta pamsika simungadziwe kuti munalowa mtedza wotani, bola kugula wosasinja muone nokha.

Ndiwo zotendera sizichedwa kusasa, nde masamba otendera asakhale m'gulu la zophikiratu, nsinjiro zizilowa tsiku lodya. Chiponde chimakhalitsa bola supuni yonyowa isalowemo. Mafuta oyandama pamwamba aja ndi ake, ingotakasani.

Phala la soya ana akulikana

Kafungo kamene ana amakana kaja kamabwera soya waiwisi akakumana ndi madzi ozizira kapena akagayidwa osaphika. Wiritsani madzi abwadamuke, muzithira soya wouma pang'onopang'ono kuti madzi asasiye kuwira, awire mphindi 30, tsanulani, yanikani aume gwa nde mupite naye kuchigayo. Kukazinga bwino mpaka afiirire kumathandizanso. Soya wosaphika mokwanira thupi limalephera kugaya bwino mapuloteni ake, nde apa si nkhani ya fungo lokha. Muyezo wake ndi wa Likuni Phala uja, makapu 4 a chimanga kapu imodzi ya soya, ufa umenewu mukagayitsa kamodzi kadzutsa wa sabata zingapo wakonzeka.

Soya pieces zouma zimakhala miyezi, koma zikangophikidwa zitengeni ngati nyama, malamulo a maola 2 aja ndi omwewo. Zikumveka zii chifukwa mukuziponya m'msuzi zili ndi madzi ake. Viikani m'madzi otentha mphindi 10, finyani kwambiri, kazingani mpaka zichite bulauni, kenako tomato.

Lanchi yonyamula yafika masana itasasa

Mwapakira 6 koloko chakudya chikadali chofunda, mwatseka, chakwera kabaza padzuwa, chakhala m'chikwama mpaka 12 koloko, maola 6 pa kutentha kumene tizilombo timakufuna. Mpunga ndiye wosayenera kuuseweretsa, kaya ndi wa ku Lifuwu kaya wa ku Bua. Uli ndi kachilombo ka Bacillus cereus kamene njere zake sizifa pophika, mpunga ukakhala mofunda zimadzuka n'kupanga poizoni wosanzitsa amene kufunditsa sikumupha. Nde chakudya chonyamula chikhale chotentha kwambiri kapena chozizira kwambiri. Ngati muli ndi fulasiki ya chakudya, thiranimo kaye madzi owira mphindi zingapo, tayani, nde muike chakudya chochoka pamoto. Apo ayi tengani kontena yochoka mu furiji muigoneke pambali pa botolo la madzi ouma, zonse mukulunge m'kathaulo, masana mupezanso madzi ozizira akumwa. Mulibe zonsezi, nyamulani zouma: mtedza wokazinga, buledi kapena mbatata ndi chiponde, usipa wokazinga gwa, ndipo dzira la m'mawa mudye pa buleki osadikira masana.

Palibe chasasa, koma za sabata zatha Lolemba

Ili ndi vuto la nyumba ya anthu ambiri, ndipo si la tizilombo. Sefuliya yodzaza ikakhala poonekera aliyense amapakula molowa manja, achimwene abwera usiku atapa, alendo afika simungawamane, botolo la mtedza nalo ana akudutsa akutapa. Kukalipa sikuthandiza kwenikweni. Gawani Lamulungu lomwelo, mulembe tsiku pa kontena iliyonse kuti wotsala pakhomo adziwe yotulutsa, za kumapeto kwa sabata zikhale zouma ayisi chifukwa palibe amene amaba nyemba zolimba gwa pakati pa usiku. Mtedza ikani mabotolo awiri, lina la ana poonekera, lina kuchipinda. Alendo akabwera ndi pamene soya pieces ndi mazira aawisi aja amagwira ntchito, simukhudza makontena.

Lachitatu m'mawa musanatuluke viikani khobwe, madzulo aphikidwe pamene nsima ili pamoto wina, ameneyo akufikitsani Lachisanu kapena Loweruka ngati muli ndi furiji. Chonyowa chilichonse cha Lamulungu chimene sichinalowe mu firiza, chikafika Lachisanu ndi chotaya olo chikuoneka bwino.